Za tochi ya amalume ija

Eee, amalume, mwaswera bwanji kumeneko? Zithunzi zija ndaziona. Mwati tochi munagula pa Lizulu ija penti wayamba kusupuka, chotsekera chakumbuyo chikuvuta kumanga, komanso ikumaphethira mukaigwedeza, ndiye mukufunsa ngati mukabweze. Kabwezeni ndithu, koma nkhani si penti ayi. Matochi otchipawa penti wake ndi wongopaka pamwamba, akakhulana ndi makiyi m'thumba amachoka basi, kuwala sikusintha.

Chandidetsa nkhawa ine ndi chotsekeracho. Pachithunzi chachiwiri chija chakhala chopendekeka, mbali ina pakuoneka mpata. Ndiye kuti mazinga ake sanawadule bwino, kapena alumana mopingasa. Chonde musachite kupana ndi pulayala, aluminiyamu ndi wofewa, mazinga akangodyeka kwatha. Chimasuleni, mupukute mazingawo ndi kansalu, muchizunguze kaye chobwerera m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka mumve kuti chakhazikika, kenako mumange ndi zala zokha. Chikakanabe, vuto ndi la komwe anaipanga.

Pajatu moto umadutsa momwemo, kuchoka ku batire, kudzera pa kasipuling'i, n'kulowa m'thupi la tochiyo. Kuphethira kuja kukuchokera pamenepo. Ndiye pali kamphira kakuda kozungulira pansi pa mazinga, kotchinga madzi. Chotsekera chikapanda kukapana kamene kaja, inu n'kutuluka nayo pamvula usiku kukazonda ng'ombe kukhola, chinyezi chilowa, kasipuling'i kachita dzimbiri, tochi yafa dzinja lisanathe.

Aaa, ndisanaiwale, mutulutsenso batirelo muliyang'ane. Mwa maonekedwe a tochiyo, ndi aja otchaja olembedwa 18650. Mukaona palembedwa kuti limasunga moto wokwana 9900 mAh musakomedwe nazo, ndi bodza la pamsika, enieni amalekeza cha m'ma 3500. Koma chachikulu ndi pulasitiki yokutira ija. Ngati yang'ambika pokhulana ndi m'mphepete mwakuthwa, musalitchajenso, limatha kutentha mpaka kuyaka. Ndipo ana asamaseweretse.

Mukapita, musalole zoti akupatseni ina ili m'bokosi inu n'kumapita. Muitsegule pomwepo, mumange ndi kumasula chotsekera, muyatse, muigwedeze kwambiri, muone ngati galasi silikugwedera, kamphira kotseka potchajira kakukhala bwino. Akayamba zovuta mundiimbire ndilankhule nawo. Azakhali muwapatse moni, muwauze kuti kachewere uja anafika.