Kodi ndi umbombo kukweza anthu m'chombo chimene chinaulukapo kale?

Bambo wina wa ku Zomba wanditumizira imelo, ndipo mwachidule akuti amva zoti kampani ya SpaceX imakweza anthu m'zombo zimene zinapitako kale mumlengalenga n'kudzagwera m'nyanja. Akutinso kawirikawiri amaona pa nkhani roketi itatsala pang'ono kunyamuka, kenako n'kumva kuti ulendo walephereka. Ndiye akufunsa kuti: "Kodi umenewu si umbombo, kukweza anthu m'zombo za kaunjika? Nanga kulephereka kwa maulendoku si umboni woti zinthuzo zinatha ntchito?"

Bambo, zikomo chifukwa cha funsoli. Nkhani ziwirizi mwazimanga mtolo umodzi, koma n'zosiyana. Mantha anu ali ndi pogwira ndithu, kungoti pogwirapo si pamene mwalozapo.

Tiyambe ndi chimene chimabwerera. Roketi yonse ija ndi matanki a mafuta ndi mainjini. Anthu amakhala m'kachombo kakang'ono ka pamwamba penipeni, kamene eni ake amati capsule, ndipo ndi komweko kamene kamawabweretsa pansi ndi maparachuti. Tizombo ta Apollo timene tinapita ku mwezi tinkauluka kamodzi basi. Soyuz ya ku Russia nayo mpaka lero imauluka kamodzi. Ngakhale NASA, bungwe la boma la America loona za mumlengalenga, itapangana ndi SpaceX, poyamba inkafuna kachombo katsopano pa ulendo uliwonse, ndipo inadzavomera zobwereza mu 2020.

Tizombo ta SpaceX tonyamula anthu timatchedwa Crew Dragon, ndipo koyamba kunyamula anthu ndi Endeavour. Kananyamuka ku Florida pa 30 May 2020 ndi Doug Hurley ndi Bob Behnken, n'kudzagwera m'nyanja pafupi ndi Pensacola pa 2 August. Pa 23 April 2021 kananyamukanso ndi anthu anayi, ndipo mmodzi mwa iwo anali Megan McArthur, mkazi wa Behnken yemweyo, atakhala pamalo pomwe panakhala mwamuna wake. Kanapitanso mu 2022, mu 2023, mu 2024, ndipo pa 1 August 2025 kananyamuka ulendo wachisanu ndi chimodzi.

Koma musaganize kuti amangokavuula m'madzi, kukapukuta, n'kukweza anthu ena. Chigawo cha kunsi chimene chimakhala ndi masola chimatayidwa ulendo uliwonse, ndiye chimakhala chatsopano nthawi zonse. Chishango cha pansi pa kachombo, chimene chimalimbana ndi kutentha kopitirira madigiri 1,500 pobwerera, anachipanga kuti chizipsa pang'onopang'ono n'kumapita ndi motowo, choncho mbali imene yapsayo amaikapo ina. Mdani wamkulu ndi madzi amchere, chifukwa dzimbiri limayamba pamene diso silifika. N'chifukwa chake kachombo kakatsitsidwa m'sitima kamakakhala miyezi m'nyumba yokonzera, amisiri akumasula, kuyeza ndi kusintha zimene zafooka. Chimene chimabwereza ulendo kwenikweni ndi thupi lake lija losunga mpweya, pamodzi ndi zipangizo zimene zapambana mayeso.

Ine chimene chimandichititsa chidwi ndi chakuti chombo chobwerera chimaulula zimene chombo chotayidwa chikanapita nazo. Mu September 2021 kachombo kena, Resilience, kanabwerako ku ulendo wa masiku atatu wa Inspiration4. Amisiri atatsegula pansi pake anapeza kuti paipi ya chimbudzi, imene inali yomata ndi guluu, inali itamatuka ndipo mkodzo unkatayikira kunsi kwa pamene anthu amaponda. Nthawi imeneyo Endeavour inali itakocheza pa siteshoni ya mumlengalenga ya ISS. Anawauza anthu a kumeneko kuti asuzumire pansi pa kachombo kawo, ndipo anapeza vuto lomwelo. SpaceX inayamba kuyesa pansi pano ngati mkodzowo, wosakanizika ndi mankhwala a m'chimbudzi, ungadye chitsulo mpaka kufika poopsa. Anapeza kuti ayi, komabe chimbudzicho anachiletsa, moti McArthur ndi anzake atatu anabwerera kwawo mu November atavala zamkati zomwa madzi, kunena mosabisa, matewera. Pa tizombo totsatira paipiyo anaiwotcherera. Ndi nkhani yoseketsa, koma taganizani: chikhala kuti Resilience anangokaiika m'nyumba ya chionetsero osaitsegula, vuto limeneli akanalidziwa liti?

Tsono pogwira pa mantha anu ndi apa. Pa 20 April 2019, kachombo ka Crew Dragon kamene kanali katangobwerako ku ISS mwezi wa March, kopanda anthu, kanaphulika pa malo oyesera ku Cape Canaveral. Ankafuna kukagwiritsanso ntchito poyesa njira yopulumukira. Ofufuza anapeza kuti kachombo katabwerako, pa nthawi yokakonza, mankhwala oyatsira mafuta otchedwa nitrogen tetroxide anadutsa pa valavu yodontha n'kulowa m'paipi ya helium. Atatsegula mpweya wamphamvu uja, mankhwalawo anakankhidwa mwaliwiro n'kukamenya valavu ya chitsulo cha titanium, ndipo moto unabuka. Palibe anavulala, koma kachomboko kanatheratu. Pamalo pa mavalavuwo anaikapo zitsekerero zimene sizidontha mpaka zitabooledwa ndi mphamvu ya mpweya. Ndiye inde, pakati pa ulendo ndi ulendo pali manja a anthu ambiri, ndipo pamene pali manja pamalakwika zinthu.

Komabe chatsopano nacho sichikhala chabwino chifukwa chongokhala chatsopano. Starliner ya kampani ya Boeing, imene imatera pamtunda ndipo anaipanga kuti izibwereza mpaka maulendo 10, inanyamula Butch Wilmore ndi Suni Williams pa 5 June 2024. Kachombo kawo, Calypso, kanali kataulukapo mu December 2019. Ali m'njira helium inayamba kudontha ndipo timainjini tina towongolera tinazima. Mavuto onsewa anali m'chigawo cha kunsi, chija chimakhala chatsopano ulendo uliwonse. NASA inakana kuika moyo wa anthu pachiswe, Calypso inabwerera yopanda munthu mu September n'kutera bwinobwino ku White Sands, ndipo awiriwo anadzabwera pa 18 March 2025 m'kachombo ka SpaceX kotchedwa Freedom, nakonso koti kanaulukapo kale. Choipa chake, chigawo chovutacho chimapsa mumlengalenga, ndiye amisiri sanathe kugwira ndi manja timainjini tinazima tija.

Tibwere ku maulendo olephereka. Apa tisiyanitse zinthu, chifukwa atolankhani amangoti "walephereka" pa zonse.

Zambiri zimene mumaona ndi kungoimitsa roketi isanayatse n'komwe. Kuti chombo chikakumane ndi ISS, imene imazungulira dziko pa mphindi pafupifupi 90 zilizonse, chiyenera kunyamuka pa nthawi yeniyeni pamene njira ya siteshoniyo yadutsa pamwamba pa Florida. Komanso Falcon 9, roketi ya SpaceX imene imanyamula tizomboti, imathiridwa mafuta ozizira kwambiri m'mphindi 35 zomaliza, anthu ali kale m'kati, ndipo mafutawo sachedwa kufunda. Ndiye palibe zoti tidikire pang'ono mtambo udutse. Mukaphonya, mwaphonya tsiku lonse. Ulendo woyamba uja wa Hurley ndi Behnken unaimitsidwa pa 27 May kutatsala mphindi pafupifupi 17, chifukwa cha nyengo, ndipotu kachombo ndi roketi zonse zinali zatsopano. Pa 31 July 2025 Endeavour inaimitsidwa kutatsala pafupifupi mphindi imodzi chifukwa cha mitambo, n'kunyamuka mawa lake. Mitambo amaiopa pa chifukwa chomveka: roketi ikamaboola mtambo imatha kuputa yokha mphezi. Apollo 12 inamenyedwa kawiri mu November 1969 n'kupulumuka, koma roketi ya Atlas yonyamula setilaiti inawonongeka motero mu 1987.

Nthawi zina vuto limakhala la zipangizo za pansi. Pa 27 February 2023 Endeavour inaimitsidwa kutatsala mphindi ziwiri ndi pang'ono chifukwa sefa inatsekeka m'mapaipi a mankhwala oyatsira mainjini. Anasintha sefayo, ananyamuka pa 2 March. Kachombo kanalibe mlandu.

Mtundu wachiwiri ndi umene umaimitsa mtima: mainjini ayaka, utsi wakwera, kenako zii. Falcon 9 ikayatsa mainjini ake asanu ndi anayi, zingwinjiri zimaigwirabe pansi kwa kanthawi kochepa pamene kompyuta ikuyeza injini iliyonse. Ikaona chachilendo, imazimitsa onse. Pa 19 May 2012, pa ulendo woyamba wa Dragon yonyamula katundu kupita ku ISS, kompyuta inazimitsa kutatsala theka la sekondi chifukwa mphamvu ya mpweya mu injini ya nambala 5 inakwera kwambiri. Anapeza valavu yowonongeka, anaisintha, ndipo pa 22 May inanyamuka. Roketi imeneyo inali yatsopano. Zoterezi sizinayambe ndi makampani a malonda: pa 12 December 1965 mainjini a roketi ya ulendo wa NASA wa Gemini 6 anazima patangopita sekondi imodzi ndi pang'ono atayaka, Wally Schirra ndi Tom Stafford ali m'kati. Schirra anamva m'thupi mwake kuti roketi sinasunthe, sanakoke chogwirira chowaponyera kunja, ndipo patapita masiku atatu ananyamuka ndi chombo chomwecho.

Mtundu wachitatu ndi wosowa, ndipo ndiye woopsa zedi: roketi yanyamuka, n'kuvuta ili m'mwamba. Pa 11 October 2018 roketi ya Soyuz, yatsopano monga mwa nthawi zonse, inawonongeka patapita mphindi ziwiri chifukwa kachipangizo kena kanapindika pomanga. Kachombo kanadzichotsa kokha, Nick Hague ndi Aleksey Ovchinin n'kutera amoyo m'chipululu cha Kazakhstan. Pa 12 September 2022 injini ya New Shepard ya kampani ya Blue Origin inawonongeka patangopita mphindi imodzi. Roketi imeneyo inali yobwereza, tisabise. Munalibe anthu, ndipo kachombo kanathawa n'kutera bwino ndi maparachuti. Crew Dragon ili ndi mainjini asanu ndi atatu a SuperDraco a ntchito imeneyi, ndipo pa 19 January 2020 SpaceX inawononga dala Falcon 9 yathunthu pofuna kuonetsa kuti kachombo kangathawe.

Ine ndikamva kuti ulendo waimitsidwa mtima sumandidumpha. Umandidumpha ndikakumbukira Challenger, chombo cha NASA cha mapiko (space shuttle) chimene chinkabwereza maulendo. Usiku wa pa 27 January 1986 amisiri a kampani imene inapanga maroketi a m'mbali anachenjeza kuti kunja kwazizira kwambiri ndipo mphira zotsekera m'malumikiziro ziuma. Akuluakulu, atatopa ndi kuzengereza kwa masiku angapo, anati tinyamuke. M'mawa mwake, patapita masekondi 73, anthu asanu ndi awiri anafa. Columbia nayo, chombo china cha mtundu womwewo chimene chinawonongeka pobwerera mu 2003, sinaphedwe ndi ukalamba, ngakhale inali itauluka kuyambira 1981: chimene chinaboola phiko lake ndi chibenthu chimene chinagwa pa tanki yaikulu ya mafuta, ndipo tanki imeneyo inkakhala yatsopano ulendo uliwonse. Zibenthu zotere zinkagwa pa maulendo ambiri m'mbuyomo, anthu n'kuzizolowera.

Za umbombo zija, ndalama zilimo ndithu, ndipo palibe amabisa. Mu 2014 NASA inapereka kontirakiti ya madola 4.2 biliyoni kwa Boeing ndi ya madola 2.6 biliyoni kwa SpaceX. Mu 2019 ofesi yofufuza za ndalama ya NASA inayerekezera kuti mpando umodzi wa Crew Dragon uzidya pafupifupi madola 55 miliyoni, wa Starliner 90 miliyoni. Kubwereza ndi kumene kwachititsa kuti SpaceX iziyendetsa anthu ndi tizombo tisanu tokha: Endeavour, Resilience, Endurance, Freedom ndi Grace. Ndipo ngati mumagwiritsa ntchito intaneti ya Starlink, imene inafika kuno ku Malawi mu 2023, dziwani kuti masetilaiti ake ambiri anakwera ndi maroketi obwereza omwewa.

Pamene ine ndaika diso ndi pa malire. NASA inavomereza poyamba kuti kachombo kamodzi kaziuluka maulendo asanu. Tizombo tilipo tochepa, maulendo ndi ambiri, ndiye kampani ndi NASA akhala akuunika chipangizo chimodzichimodzi n'cholinga chofikitsa malirewo pa 15. Endeavour ndi yoyamba kudutsa pa asanu. Palibe kachombo ka mtundu umenewu kamene kanagwerapo m'madzi amchere kakhumi n'kunyamulanso anthu, choncho zimene zitsulo ndi mavalavu ake zidzachite zikafika pamenepo akuzidziwa kuchokera ku mayeso a pansi ndi masamu basi. Mukadzamva kuti asiya kumasula chigawo chakutichakuti poti maulendo apitawo sichinavutepo, bambo, mudzandilemberenso, chifukwa pamenepo funso lanu la umbombo ndidzaliyankha mosiyana.