Achimwene a ku Nkhotakota, app ya kabaza idzadya pati?

Kalata yanu ndaiwerenga katatu, achimwene. Mukufunsa ngati mungapange app yoitanira kabaza pa Nkhotakota boma, monga imachitira Uber, app yoitanira galimoto pa foni kunja, n'kumadyapo. Mwandigunda pachilonda, chifukwa kabaza inandidyerapo ndalama zanga.

Nditapuma ntchito ndinagula njinga yamoto n'kuipereka kwa mnyamata wina pa Kamuzu Road kuno ku Salima. Tinapangana kuti madzulo alionse azindipatsa yanga, yotsala ikhale yake. Miyezi yoyamba zinkayenda bwino. Kenako mafuta anayamba kusowa, anthu n'kumagona pamizere, kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tayala ndi tcheni n'kukwera mtengo. Tsiku lina ndinamupeza pansi pa mtengo wa mango pa siteji akuwongola timapepala ta K200 ndi K500 tonyowa ndi thukuta. Anali atachotsa kale ya petulo ndi ya siteji, nsima asanadye. Zotsalazo ndinachita manyazi kuzitenga. Ndiye tandiuzani, pa timapepala timeneti inu mudzadula pati?

Pajatu app imadya pa ulendo uliwonse, koma galimoto, mafuta ndi ngozi zonse n'za dalaivala. Uber inafika ku Johannesburg mu 2013 ndi ku Nairobi mu 2015, ndipo inkatenga pafupifupi 25 peresenti. Madalaivala a ku Kenya ananyanyala kangapo mpaka boma linalamula mu 2022 kuti isapitirire 18. Ku Tanzania boma litaika malire pa 15 peresenti, Uber inaimika kaye ntchito chaka chomwecho. Kampani ya chuma chonsecho inaona kuti 15 siikwanira, m'mzinda wothithikana ngati Dar es Salaam!

Chimene makampaniwa amagulitsa kwenikweni n'chikhulupiriro pakati pa anthu osadziwana. Ku Kampala SafeBoda, app yoitanira njinga zamoto, ili ndi ntchito chifukwa wokwera sadziwa kuti womunyamulayo ndani. Kunoko mayi anga ali ndi wakabaza wawo, amadziwa mudzi wake ndi tchalitchi chomwe amapemphera. Amangomuflasha pa foni ya mabatani, iye watulukira, ndipo akasowa ndalama amawanyamula pangongole mpaka mwezi uthe. App iti ingachite zimenezi? Ine ndikunenetsa, ulendo woyamba adzakumana pa app yanu, wachiwiri adzapatsana manambala, inu n'kutsala ndi bilu ya intaneti. Ndipo ndani angawononge bandulo kuitana njinga pomwe zili khumi pamphambano zikumuimbira belu?

Zimandipweteka anthu akamayankhula ngati akabaza akusowa luso la makono. Akusowa malo ogula ma spare motchipa, akusowa ngongole yosawakolola, akusowa chipewa chabwino choteteza mutu. Pitani ku chipatala cha boma lililonse mukaone anthu othyoka miyendo pa njinga zamoto, ndiye mudzadziwa pomwe pali vuto.

Ndiye muchite chiyani?

Musatenge ngongole yolembetsera app. Yambani ndi nambala imodzi ya WhatsApp ndi akabaza asanu amene mumawadziwa kwawo. Kayankhuleni ndi eni malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja ndi opita ku nkhalango ya Nkhotakota, pakuti mlendo ndiye sadziwa aliyense ndipo amalipira kuti afike bwino. Ndalama zizidutsa pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo yanu muziitenga kwa mwini loji, osati kwa mnyamata wopalasa.