Msewu aukuza, koma ndikuchedwabe ku ntchito

FUNSO: Bambo, ine ndimakhala ku Area 49 mu Lilongwe ndipo ndimagwira ntchito ku Old Town. Ana anga awiri amaphunzira sukulu zosiyana, wina ku Area 47, wina ku Area 3. Ndinavutika n'kugula kagalimoto ka ku Japan poganiza kuti ndapuma, koma lero ndimadzuka nkhuku zisanatsike, mafuta akundimaliza, ndipo tsiku limene galimoto yagona kwa makaniko pakhomo ponse pamaima. Misewu aikuza, ina mpaka ikudutsa pamwamba pa inzake, koma mzere wa magalimoto sukutha. Alamu anga amene ali ku America akuti kumeneko madera ena akuwakonzanso kuti anthu azitha kukhala opanda galimoto. Ndi zoona zimenezi, kapena ndi nkhambakamwa za anthu obwera kutchuthi?
Mayi wa ana awiri, Area 49

YANKHO: Mayi, alamu anu sakukunamizani. Koma ndiloleni ndiyambe ndi kwathu kuno ndisanawoloke nyanja.

Nthawi ya mizere ya mafuta ija ndinagonapo usiku wonse m'galimoto pamalo ena omwetsera mafuta, mpando nditaugoneka, udzudzu ukuimba m'khutu. Cha m'ma 5 koloko m'mawa anthu anayamba kudutsa: alonda akuweruka, amayi atasenza mabeseni a mandasi, anyamata akukankha njinga za makala, ana a sukulu atakumbatira makope. Onsewa amayenda m'fumbi la m'mphepete mwa phula, n'kumalumphira m'ngalande lole ikamabwera. Ife eni magalimoto tinali ndondondo, maso kumsewu, kudikira thanki ya mafuta. Ndinadzifunsa kuti kodi mzinda uno anamangira yani. Oyenda pansi ndiwo ambiri koma alibe podutsa. Ife amene anatimangira misewu, mafuta akangosowa, ngakhale kogula buledi sitingafike.

Chiyambi chake chili m'mapulani. Boma la Dr Kamuzu Banda litaganiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, ndalama yoyambira inali ngongole ya ku South Africa, ndipo mapulani a 1968 anajambula ndi akatswiri a komweko. Likulu linasamuka mu 1975. Iwo ankafuna mzinda wa mitengo ndi mipata, chilichonse pamalo pake pachokha: maofesi a boma ku Capital Hill, mabanki ku City Centre, mafakitale ku Kanengo, msika ndi mashopu ku Old Town, nyumba zogona m'ma Area a manambala, a ndalama kwawo, osowa kwawo. Papepala zimakongola. Koma mukalekanitsa pogona, pogwira ntchito, pogula ndi pophunzira, ndiye kuti mwalamula munthu aliyense kuyenda mtunda wautali kawiri patsiku, onse nthawi imodzi, onse m'misewu yomweyomweyo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mumzindawu, ndipo chichokereni apo mapuloti angofalikira kunja, kumene kale kunali minda ya chimanga. Matenda anu, mayi, ndi mtunda.

N'chifukwa chake kukuza msewu kumangopepuza kwa kanthawi. Msewu ukamasuka, amene ankanyamuka m'bandakucha amayamba kunyamuka nthawi ya aliyense, amene ankakwera minibasi amatenga ngongole n'kugula kagalimoto ngati kanuko, ndipo wogula puloti amapita kutali chifukwa akuti "pa galimoto ndi pafupi". Ku Houston ku America anakuza msewu wa Katy Freeway, ntchito inatha mu 2008, malo ena mizere yoyendamo magalimoto inafika 26 mukawerengera ndi ya m'mbali. Sipanapite zaka zambiri, maulendo a m'mawa ndi madzulo anayambanso kutalika. Sindikunena kuti misewu yathu isakonzedwe. Ndikungoti musadikire kuti phula latsopano libweretse sukulu ya mwana wanu pafupi.

Tsono za alamu anu. Chitsanzo chimene ndimachikonda ndi Arlington, dera la ku Virginia loyang'anizana ndi Washington, kutsidya kwa mtsinje wa Potomac. Linali dera la nyumba za banja limodzilimodzi, mashopu ake akale akufa chifukwa ogula anathawira ku misika ikuluikulu ya kunja kumene kuli malo oimika magalimoto. Pamene ankakonza njanji ya Metro, sitima zonyamula anthu mu Washington ndi madera ozungulira, maganizo oyamba anali oti idutse pakati pa msewu waukulu wa I-66, poti n'kotchipa. Akuluakulu a derali anakana. Anati siteshoni ya pakati pa msewu waukulu munthu amaifikira pa galimoto basi, choncho njanji ilowe pansi pa misewu yakale ya malonda, monga Wilson Boulevard. Sitima inafika ku Ballston mu 1979, masiteshoni asanu pamtunda wa makilomita pafupifupi 5: Rosslyn, Court House, Clarendon, Virginia Square ndi Ballston.

Nzeru yeniyeni inali m'malamulo a zomangamanga. Pozungulira siteshoni iliyonse, mtunda woti munthu n'kuyenda mphindi zisanu, analola nyumba zazitali: pansi mashopu ndi malesitilanti, pamwamba maofesi kapena mafulati. Mukamatalikira siteshoni, nyumba zimanka zifupika mpaka mufike m'misewu ya phee ya nyumba zakale zija, zimene sanazikhudze. Anthu ndi maofesi anachuluka kwambiri m'kampata kameneko, koma magalimoto m'misewu yambiri ya m'deralo sanachuluke chimodzimodzi, chifukwa wotsika sitima amagula ndiwo, kutenga mwana ku sukulu ya mkaka, n'kulowa m'nyumba ali wapansi. Choipa chake ndikuuzeninso: malo atakoma, lendi inakwera, ndipo a malipiro ochepa ambiri sakwanitsa kukhalako.

Chimene chimandiseketsa n'chakuti zimene Aamereka akulipira madola ambirimbiri kuti azibwezeretse, apongozi anga ku Kawale akhala nazo zaka zonsezi. Akatuluka pageti, chigayo chili apo, okala ili apo, telala ali pakhonde la aneba, tchalitchi ndi sukulu ndi ulendo wa phazi, siteji ya minibasi sipatali. Chosowa kwawoko ndi ngalande, magetsi a mumsewu ndi pothira zinyalala, osati zinthu zapafupi. Pitani ku Area 10 kapena ku Area 43, kumene kuli mipanda italiitali ndi agalu: mchere ukatha, wantchito amayenda mtunda wotopetsa kapena bwana amapita pa galimoto. Ndiye tizichenjera tikamati kuno n'kotukuka, uko n'kosatukuka.

Inuyo panokha simungasinthe mapulani a mzinda sabata ino. Koma pali ziwiri zimene zili m'manja mwanu. Choyamba, mukamasankha nyumba ya lendi kapena puloti, phatikizani lendi ndi mafuta ndi makaniko musanati uku n'kotchipa. Chachiwiri, ana awiriwo. Ulendo wa Area 49, Area 47, Area 3 kenako Old Town ndiwo ukukudzutsani usiku. Ngati pali sukulu imodzi yabwino yoti onse n'kulowa, kapena makolo a mumsewu mwanu oti muzisinthana masiku, mwachotsapo kale gawo lalikulu la mtundawo.

FUNSO: Akulu, ine ndili ndi maminibasi awiri oyenda Area 25 ndi tauni. Ndamva pa wailesi anthu akukamba za mabasi akuluakulu okhala ndi msewu wawowawo ngati a ku Tanzania. Zikadzabwera kuno, ife tidzadya chiyani? Madalaivala, makondakitala ndi oitanira adzalowera kuti?
Mwini maminibasi, Area 25

YANKHO: Achimwene, mantha anu ndi omveka, ndipo sindikubisirani: kumene mabasi otere ayamba, maminibasi amachotsedwa mumsewu waukuluwo. Nkhani imagona pa mmene amachotsedwera.

Amene anatchukitsa njirayi ndi a ku Curitiba ku Brazil, amene anaiyamba mu 1974, meya wawo ali Jaime Lerner, katswiri wojambula mapulani a nyumba. Analibe ndalama ya sitima yapansi, ndiye anapatula mizere yapakati pa msewu kuti ikhale ya mabasi okha. Pambuyo pake anaika masiteshoni agalasi ooneka ngati chipaipi, momwe munthu amalipiriratu asanakwere, ndipo pansi pa siteshoni ndi pansi pa basi m'pofanana. Basi ikaima, zitseko zonse zimatsekuka, anthu aloweretu, yanyamuka. Palibe za "mmodzi yekha, mmodzi yekha" kwa theka la ola. Ndipo monga ku Arlington, nyumba zazitali anazilola m'mbali mwa misewu ya mabasiyo basi, kuti okwera azikhala pomwepo.

Ku Dar es Salaam, kumene amawatcha mwendokasi, anayamba mu 2016, kuchokera ku Kimara kutsata Morogoro Road mpaka ku Kivukoni, ndi nthambi zopita kumadera a Kariakoo ndi Morocco mumzinda momwemo, pamodzi makilomita pafupifupi 21. Amalonda athu opita kokaoda katundu ku Kariakoo akuuzani mmene basi imadutsira magalimoto ataima. Akuuzaninso za kuthithikana m'masiteshoni mabasi atachepa, ndi za madzi osefukira pa Jangwani amene akhala akuimitsa maulendo nthawi ya mvula. Kumanga msewu n'kosavuta kuposa kusunga mabasi ali moyo.

Koma phunziro lanu lili ku Johannesburg. Mabasi otere, otchedwa Rea Vaya, atayamba mu Ogasiti 2009, kuchokera ku Soweto kupita ku Ellis Park, eni matekisi (maminibasi a kumeneko) ambiri anakwiya, panali zionetsero, mabasi ena anawomberedwa. Amene anakhala pansi n'kukambirana anapereka matekisi awo n'kulandira masheya m'kampani yoyendetsa mabasiwo, ndipo madalaivala ambiri anaphunzitsidwa n'kulembedwa ntchito ya malipiro apamwezi. Eni ake anachoka pa moyo wodikira ndalama ya tsiku kwa dalaivala, n'kuyamba kulipidwa malinga ndi makilomita amene basi yayenda. Si onse anakhutira, komabe amene anali m'bungwe lolembetsedwa, mapepala ali bwino, ndiwo anali ndi mpando pa zokambiranazo. Choncho mapepala a maminibasi anu akhale m'dzina lanu, ndipo zolowa ndi zotuluka muzilemba, chifukwa tsiku lowerengera chipukuta misozi adzafuna umboni, osati mawu apakamwa.

Johannesburg ikutichenjezanso pa china. Mzindawu ndi womwazikana ngati Lilongwe, ndipo m'mawa mabasi amadzaza kulowera kumodzi n'kubwerera ali mbee, masana n'kumayenda ndi mipando yokha. Ndalama ya matikiti siikwana. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene mu 2013 meya Parks Tau anayambitsira ndondomeko ya Corridors of Freedom, yofuna kuti nyumba, mashopu ndi ntchito zimangidwe m'mbali mwa njira za mabasi. Basi yaikulu imafuna anthu okwera ndi otsika pa siteji iliyonse, tsiku lonse. M'misewu ing'onoing'ono ya m'kati mwa Area 25, yopita kumasekitala, singalowemo. Mmenemo mudzafunikabe inu, a Sienta ndi a kabaza, kutolera anthu n'kukawatula pa siteshoni.

FUNSO: Bambo, amuna anga anamwalira n'kundisiyira nyumba pa puloti yaikulu ku Area 47. Ndikufuna kumanga tinyumba titatu ta lendi kuseri ndi kagolosale pampanda. Aneba akuti ndiwononga dera. Ndalakwa?
Mayi wamasiye, Area 47

YANKHO: Pepani ndi zovutazo, mayi. Simunalakwe kuganiza choncho. Mabanja atatu amene angakhale kuseri kwanuko ndi mabanja atatu amene sapita kukamanga kutali kumene kulibe paipi ya madzi, ndipo kagolosale kanu kachepetsa maulendo a aneba omwewo okagula shuga. Mkangano wanuwu uli ponseponse. Ku Arlington komwe ndatchula kuja, mu 2023 analola nyumba za mabanja mpaka 6 pa puloti imene kale inali ya banja limodzi, ndipo eni nyumba ena anathamangira kukhoti.

Koma walira mvula walira matope. Aneba anu pena akunena zoona. Nyumba zambiri mu Lilongwe zimadalira dzenje la sepitiki kapena chimbudzi chokumba, ndipo dzenje limene anakumbira banja limodzi silingasenze mabanja anayi. Yambani ndi limenelo, kenako madzi a mvula ochoka pamalata atsopano muone kolowera kuti asakathere m'khitchini ya aneba akumunsi. Alendi akabwera ndi magalimoto aziimika m'kati, osati kutseka msewu. Ndipo golosale ikhale golosale. Ikasanduka pomwera mowa ndi zimasipika usiku, ine ndidzakhala mbali ya aneba.

Musanagule thumba la simenti, tulutsani pepala la lizi muwerenge zimene limalola, ndipo dziwani mwini nthaka, kaya ndi Unduna wa za Malo, Malawi Housing Corporation kapena khonsolo. Onetsetsaninso kuti dzina pa pepalalo lasinthidwa kuchoka kwa malemu, apo ayi achibale angadzatulukire nyumba zitafika pa lintala. Mapulani ajambulidwe ndi munthu wovomerezeka, apite ku khonsolo ya mzinda, ndipo za golosalezo mupemphe chilolezo chosintha ntchito ya malo. Zikatero tengani mapulaniwo, mukagogode kwa aneba a mbali zonse madzulo ena, muwasonyeze pamene pakhale dzenje ndi pamene payang'ane mawindo.