Kodi atolankhani a zamagetsi amayesa zimene amalemba? Yankho kwa mkonzi wa mainveta wa ku Zomba

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa wowerenga wina wa ku Zomba amene amakonza mainveta ndi zipangizo za sola. Ndaidulako pang'ono, koma funso lake ndi ili:

"Achimwene, ndimakonda kuwerenga pa intaneti magazini akunja olemba za electronics. Mwezi watha ndinapeza nkhani ya chip chatsopano chotsitsa voteji pa masamba atatu osiyana, mawu ake ofanana ndendende. Onse ankati chimapulumutsa mphamvu mpaka 95 peresenti. Ndinaitanitsa kabolodi kokhala ndi chip chimenecho, koma ndikawerengera ndi mita yanga ndikupeza 80 basi. Kodi atolankhani amenewa amayesa zinthu asanalembe? Nanga n'zoona kuti kale magaziniwa anali abwino kuposa lero, kapena ndi kudandaula kwa madala chabe?"

Achimwene, zikomo polemba. Pa funso loyambalo, yankho ndi lakuti ayi. Nkhani imene munaipeza katatuyo sinalembedwe ndi mtolankhani aliyense mwa atatuwo. Inalembedwa ku ofesi yotsatsa malonda ya kampani yopanga chipcho, n'kutumizidwa tsiku limodzi kwa akonzi mazanamazana. Wina anangosintha mutu, wina anadula ndime yomaliza, wachitatu sanakhudze kalikonse. Palibe amene anawotcherera chipcho pa bolodi, palibe amene anagwira mita.

Komatu palibenso amene anakunamizani, ndipo apa ndi pamene pali msampha. Liwu lofunika m'nkhaniyo ndi "mpaka". Tsegulani datasheet ya chipcho, chikalata cha kampani chofotokoza manambala ake onse, mudutse tsamba loyamba, mufufuze chithunzi cha mizere yokhotakhota chosonyeza efficiency, kutanthauza gawo la mphamvu yolowa limene limatulukadi. Mupeza kuti 95 ija ili pansonga pa mzere umodzi wokha, mwina potsitsa 5V kufika 3.3V, pa katundu (magetsi amene akukokedwa) wina wake wosankhidwa bwino, m'chipinda cha madigiri 25. Inu ngati mukutsitsa kuchokera ku batire la 24V kufika 5V, mzere wanu ndi wina, wa m'munsi. Katundu akakhala wochepa kwambiri, mphamvu imene chip chimadya chokha pongokhala choyaka komanso poyatsa ndi kuzimitsa transistor yake imaonekera kwambiri, nambala n'kugwa. Katundu akachuluka, kutentha kwa mu koyilo ndi mu transistor kumadyanso mbali yake. Onjezanipo koyilo yotchipa imene opanga kabolodi kanu anaikapo. Ndiye pali nkhani ya mayesedwe: mukayeza voteji kumapeto kwa mawaya aatali m'malo moyeza pa miyendo ya bolodi, zotayika m'mawayamo mumazikoloweka pa chip chosalakwa.

Mwinanso chipcho si chenicheni. Anthu ambiri amene anaika oscilloscope, makina oonetsa kugunda kwa magetsi pa sikirini, pa timabolodi totchipa tolembedwa LM2596 anapeza tikugunda cha m'ma 50 kHz, pomwe LM2596 yeniyeni imagunda 150 kHz. Dzina la pamwamba n'losavuta kudinda.

Tsopano tibwere kwa olembawo. Kuti mumvetse magazini amenewa, funsani kaye kuti amadya kuti. Electronic Design inayamba mu 1952, EDN mu 1956, EE Times mu 1972, onse ku America, ndipo kwa zaka zambiri injiniya wa kumeneko sankawagula ayi. Ankangodzaza fomu yonena kumene amagwira ntchito, zimene amapanga ndi zida zimene ali ndi mphamvu yosankha, magazini n'kumamupeza ulere pa desiki. M'kati munkakhala kakhadi kodzaza manambala. Ukazunguliza nambala ya chinthu chimene chakusangalatsa n'kutumiza khadilo, dzina lako linkapita kwa wogulitsa. Ndalama zonse zinkachokera kwa otsatsa malonda, ndipo chimene iwo ankagula chinali maso a injiniyayo. Kuyambira pachiyambi pomwe, mkonzi ankadziwa kuti akanyoza chinthu cha kampani imene yagula tsamba lakumbuyo, mawa foni ilira.

Intaneti itabwera, ndalama za malondazo zinamwazikira kwina. EE Times inasiya kusindikizidwa pa pepala kumapeto kwa 2012, EDN inatsatira mu 2013. Mu 2016 onse awiri anagulidwa ndi Arrow Electronics kudzera mu nthambi yake ya AspenCore. Arrow ndi imodzi mwa makampani akuluakulu padziko ogulitsa zida zamagetsi zomwezo zimene magaziniwa amalemba. Sindikunena kuti olemba a kumeneko amalamulidwa chonena. Alipo ena amene ndimawawerenga mwaulemu mpaka lero. Ndikungoti wowerenga adziwe mwini nyumba.

Apa mwina mwaganiza kale kuti mankhwala ake ndi kupewa chilichonse cholembedwa ndi wantchito wa kampani. Ine ndikukana, ndipo umboni wanga ndi amuna awiri.

Injiniya Jim Williams ankalandira malipiro ku Linear Technology, kampani yopanga ma chip. Pafupifupi dera lililonse lamagetsi (circuit) limene anajambula linali ndi chip cha kampani yake, ndipo sankabisa. Koma tsegulani Application Note 47 yake ya mu 1991, yonena za ma amplifier othamanga kwambiri. Masamba ake amapitirira 100, ndipo gawo lalikulu loyambirira silikamba za chip chogulitsa ayi. Likukamba za mmene probe, waya wa ground wautali ndi oscilloscope yako yomwe zingakupusitsire. Amakuonetsa chithunzi cha sikirini pamene zinthu zalakwika, n'kukuuza chimene analakwitsa, kenako chithunzi china atakonza. Ankagwiritsa ntchito ma oscilloscope akale a Tektronix amene ankawakonza yekha, ndipo tebulo lake logwirira ntchito, lodzaza mawaya ngati chisa cha khoswe, linakaikidwa pachionetsero ku Computer History Museum ku California iye atamwalira. Zambiri mwa zolemba zake zinkatuluka mu EDN.

Mnzake Bob Pease anali wa National Semiconductor, ndi iye amene anapanga ma chip a LM331 ndi LM337, ndipo kwa zaka pafupifupi 20 ankalemba danga lake lotchedwa Pease Porridge mu Electronic Design. Anali munthu wamakani, wosakhulupirira zotsatira za pa kompyuta mpaka ataziona pa bolodi, moti tsiku lina anaponya kompyuta kuchokera padenga anthu akujambula. Koma chimene ine ndimamukondera ndi makalata. Owerenga ankamutsutsa, iye n'kusindikiza makalatawo, kuyankha, ndipo pamene wagwidwa kulakwa ankavomera poyera. Awiriwa anamwalira motsatizana mu June 2011. Williams anadwala sitiroko n'kumwalira pa 12, ndipo pa 18 Pease anachita ngozi pa galimoto yake yakale ya Volkswagen akuchokera ku mwambo wokumbukira mnzakeyo.

Onse awiri anali anthu a kampani. Kusiyana kwawo ndi nkhani imene munawerenga inu n'kwakuti iwo anali atapsa zala ndi chowotcherera, ndipo ankalemba mokwanira kuti iwe ukhoza kubwereza zimene anachita n'kuwagwira bodza ngati lilipo.

Ndiye kale zinali bwino? Pang'ono inde, koma madala asatinamize. Nkhani yotchuka kwambiri m'mbiri ya magazini amenewa, ya Gordon Moore mu magazini ya Electronics ya pa 19 April 1965, inalembedwa ndi mkulu wa zofufuza ku Fairchild Semiconductor, kampani yogulitsa ma chip, ndipo cholinga chake china chinali kukopa makasitomala kuti akhulupirire ma integrated circuit. Ananeneratu kuti pofika 1975 chip chimodzi chidzanyamula tizida 65,000. Zinangochitika kuti wotsatsayo ankadziwa zimene ankanena, moti mu 2005 Intel inalipira madola 10,000 kuti ipeze kope limodzi la magaziniyo. Nanga Popular Electronics ya January 1975, imene inaika kompyuta ya Altair 8800 pachikuto n'kuchititsa Bill Gates ndi Paul Allen kuyamba kulemba pulogalamu yawo ya BASIC? Chimene chinajambulidwa pachikutopo chinali bokosi lopanda kanthu m'kati, lokhala ndi timagetsi kutsogolo, chifukwa makina enieniwo anasowa m'njira popita ku ofesi ya magaziniyo. Chikomekome cha nkhuyu sichinayambe ndi intaneti.

Chimene chinatayika, mmene ine ndimaonera, ndi nthawi ya mkonzi. Magazini otuluka kawiri pa mwezi, okhala ndi akonzi angapo amene anagwirapo ntchito ya uinjiniya, ankatha kubwezera wolemba nkhani yake n'kumufunsa kuti nambala iyi waiyeza pa katundu wanji. Tsamba la pa intaneti lofuna nkhani khumi pa tsiku kuchokera kwa anthu awiri silingathe. Mkonzi wake si waulesi kapena wosadziwa. Alibe labu, alibe masiku atatu oti athere pa chip chimodzi, ndipo amene amamuwerengera ntchito amaona kuchuluka kwa odina, osati kulondola kwa chithunzi chachitatu.

Utolankhani weniweni umaonekabe nthawi zina, ndipo chitsanzo chake inu okonza zinthu mumachidziwa ndi manja. Mukukumbukira ma capacitor otupa pamutu, ena otuluka dzimbiri, pa ma motherboard a kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000? Magazini aang'ono otchedwa Passive Component Industry ndi amene anayamba kulemba za vutoli mu 2002, ndipo IEEE Spectrum inalitsatira mu 2003, kufunsa opanga ku Taiwan. Nkhani imene inatuluka inali yakuti njira yosakanizira madzi a m'kati mwa capacitor inabedwa yosakwanira, yopanda mankhwala oletsa mpweya wa hydrogen kupangika, ndiye zida zinkafufuma mpaka kuphulika. Nkhani yotere palibe ofesi yotsatsa malonda imene ingakutumizire. Wina anayenera kuimba mafoni kwa anthu osafuna kulankhula.

Chimene chimandipweteka kwambiri ine si bodza lalikulu, koma manambala amene amangodutsa popanda wofunsa. Mudzawerenga kuti chip chapangidwa pa 5 nm kapena 3 nm (ma nanomita) ngati kuti pali kanthu m'katimo kotalika choncho, pomwe masiku ano amenewo ndi mayina chabe a mibadwo ya mapangidwe. Mu 2021 Intel inangosintha dzina la njira yake ina ya 10 nm kukhala Intel 7, ma transistor ake ali omwewo. Kwathu kuno matenda omwewa timawaona pa makatoni. Sipika yolembedwa mawati masauzande a PMPO, nambala ya mphamvu ya kamphindi chabe, ukaitsegula, thiransifoma yake ndi yaing'ono ngati bokosi la machesi. Power bank ya 10,000 mAh nambala yake ndi ya batire la 3.7V la m'kati, kutanthauza 37 Wh. Pa 5V imeneyo ndi 7,400 mAh, tisanachotsepo zotayika posintha voteji. Masamu a Fomu 2, koma ndi olemba angati amene amawachita asanadinde?

Mu 2015 kunatchuka kachipangizo kotchedwa Batteriser, kovekera pa batire la tochi, komwe eni ake ankati kangatalikitse moyo wa batire mpaka 800 peresenti. Masamba ambiri a zaukadaulo anangobwereza nambalayo. Amene anakhala pansi n'kuonetsa ndi mizere ya kutha kwa batire kuti zida zambiri zimagwirabe ntchito voteji itatsika kwambiri, choncho mphamvu yotsala yoti n'kupulumutsa ndi yochepa, anali Dave Jones, injiniya wa ku Sydney wa EEVblog pa YouTube. Ntchito yoyesa yambiri yasamukira kwa anthu otere. Koma nawonso muziwayang'ana ndi diso lomwelo, chifukwa ambiri amalandira zida zaulere kuchokera kwa opanga, ndipo si onse amene amanena.

Ine ndimawerengabe magaziniwa, pafupifupi tsiku lililonse, koma ndinasintha zimene ndimayembekezera. Nkhani ya chinthu chatsopano ndimaitenga ngati belu londiuza kuti kwabwera kanthu, basi. Ndikafuna kudziwa ngati n'kothandiza, ndimapita ku datasheet, ndipo kumeneko ndimadumpha danga la typical n'kuyang'ana la minimum ndi maximum, poti kampani imalonjeza zokhazo. Ngati ndi microcontroller, ndimafufuzanso errata, chikalata chimene kampani imaululamo zolakwika za chip chake; m'nkhani ya magazini simudzazipezamo. Nkhani yaitali yophunzitsa ndimayamba kuiwerenga kumunsi, pamene alemba kumene wolembayo amagwira ntchito, kenako ndimafufuza ngati pali chiganizo ngakhale chimodzi chonena pamene njira yakeyo siigwira. Chikasowa, ndimadziwa kuti ndime yachisanu ndi chiwiri ikubwera ndi nambala ya chinthu choti ndigule.

Za kabolodi kanu, chitani izi musanakataye. Yezani voteji yolowa ndi yotuluka pa bolodi penipeni, mita ya ma amp ili kunja kwa malo oyezerawo. Yesani pa katundu wosiyanasiyana katatu kapena kanayi, mwina pa 100 mA, 500 mA, 1 A ndi 2 A ngati chipcho chimalola, ndipo mukhudze koyilo ndi chip kuti mumve chimene chikutentha kwambiri. Munditumizire manambalawo pamodzi ndi chithunzi chooneka bwino cha pamwamba pa chip, tidzawaike pambali pa mizere ya mu datasheet sabata yamawa.