Kumene mungawerenge za mapulogalamu a ufulu

Mphunzitsi wina wa sekondale kufupi ndi Ngabu wanditumizira imelo yofunsa kuti: "Sukulu yathu yalandira makompyuta akale okhala ndi Linux, ndipo amene anabwera nawo akuti ndi free software. Kodi ndiye kuti ndi zaulere basi? Nanga ndingawerenge kuti za nkhaniyi, poti bandulo yanga ndi yochepa?"

Aphunzitsi, funso lanu loyambalo Chichewa chimaliyankha bwino kuposa Chingerezi, chifukwa ife tili ndi mawu awiri, ulere ndi ufulu, pomwe Chingerezi chimatchula zonsezi ndi liwu limodzi loti free. Anthu a gulu la free software amanena za ufulu, moti pulogalamu yotereyi munthu akhoza kuigulitsa popanda kuphwanya lamulo.

Yambirani pa gnu.org, tsamba la GNU, ntchito yolemba mapulogalamu a ufulu imene Richard Stallman anailengeza mu 1983, asanakhazikitse bungwe la Free Software Foundation ku America mu 1985. M'gawo lotchedwa Philosophy muli nkhani yofotokoza maufulu anayi, amene amawerengedwa kuyambira pa 0: kugwiritsa ntchito pulogalamu mmene mukufunira, kuona mmene inalembedwera n'kuisintha, kugawira ena makope ake, ndiponso kugawira ena makope amene inu mwawasintha. Ufulu woona ndi kusintha pulogalamuwo sungatheke ngati mwiniwake wabisa source code, malangizo enieni amene pulogalamuyo inalembedwa nawo. Masamba a GNU ali ndi zithunzi zochepa kwambiri, choncho sadya bandulo, ndipo mukhoza kuwasunga m'foni kuti muziwerenga netiweki ikavuta.

Ana a m'kalasi mwanu adzamva msanga mukawakumbutsa za mbewu. Mapira amakolo amene timadzala m'chigwa muno mlimi amasankha yekha ngala zabwino, kusunga, n'kupatsako mbale wake wa ku Bangula amene munda wake unakokoloka ndi madzi, ndipo palibe amene amamufunsa chilolezo. Mbewu ya haibulidi ingabereke bwino, koma chaka chilichonse mlimiyo amabwerera kusitolo. Ngakhale wina atamupatsa paketi yaulere, mphamvu pa mbewuyo idakali m'manja mwa kampani, ndipo mapulogalamu ambiri aulere a m'mafoni athu ali chimodzimodzi.

Pa gnu.org pomwepo mudzapeza laisensi ya GPL, imene inatuluka koyamba mu 1989. Mfundo yake ndi yakuti amene wasintha pulogalamu n'kumaigawa ayenera kupatsa olandirawo ufulu womwe iye anaulandira. Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene Linus Torvalds anaiyamba ku Finland mu 1991, inalowa pansi pa GPL chaka chotsatira. Chingerezi cha laisensiyo ndi cha maloya, choncho musayambire pamenepo.

Mukafuna mapulogalamu enieniwo, pa fsf.org pali mndandanda wotchedwa Free Software Directory, ndipo a mafoni a Android ali pa F-Droid. Mavidiyo a misonkhano ya Free Software Foundation yotchedwa LibrePlanet ndi othandiza, koma adikire tsiku limene mwapeza Wi-Fi.

Ndikuchenjezeni kuti zolemba za Stallman ndi za munthu wosagonja pa mfundo zake, ndipo nthawi zina amalankhula ngati aliyense angathe kusiya WhatsApp mawa, zomwe kwa ife amene mauthenga a maliro ndi a misonkhano amabwerera momwemo n'zovuta. Choncho werenganinso opensource.org, tsamba la bungwe la Open Source Initiative limene linayamba mu 1998, lomwe limatsindika phindu la kulembera pulogalamu poyera m'malo mwa nkhani ya chilungamo. Mapulogalamu ambiri amavomerezeka kumbali zonse ziwiri.

Ngati makompyuta anuwo ali ndi LibreOffice, pulogalamu yolembera makalata ndi ntchito zina za muofesi, dziwani kuti laisensi yake ikukulolani kuikopera pa fulashi n'kupatsa sukulu ina ku Nchalo kapena ku Nsanje, ngakhalenso kumasulira mawu ake m'Chichewa kapena m'Chisena osapempha kwa wina aliyense.