Pamalo oimika galimoto, musakhulupirire zimene mwaona masana

Achemwali ena andilembera sabata yatha. Agula kagalimoto ka Toyota Vitz, akufuna kuchoka ku Kabwata mu Lusaka muno kupita ku Chalala kapena ku Silverest, ndiye akufunsa mmene angapezere flati yokhala ndi poimika galimoto. Achemwali, mwandiponda pachilonda.

Ine ku Chalala ndinakhalako zaka ziwiri. Ejenti ananditengera kumeneko dzuwa lili paliwombo, nditamupatsa kale ndalama yoonera nyumba. Geti litatseguka, pabwalo panali pululu. Maflati anayi kumanzere, mpanda kumanja, pakati kanjira ka simenti. "Abwana, pano ngakhale basi ikhoza kugona," anatero. Lendi ndi dipoziti ndinapereka tsiku lomwelo.

Sindinaganize kuti masana aliyense amakhala ali kuntchito. Usiku kanjira kaja kankadzaza magalimoto asanu ondondozana, geti lili limodzi. Ine ndinkaweruka mochedwa, choncho yanga ndiyo inkatseka onse. Tsono mayi a m'flati yakumapeto ankapikula tomato ku Soweto Market. Folo koloko m'bandakucha, gogogo pawindo: "Aneba, tipempheko njira." Kudzuka, jekete pamwamba pa zogonera, kuzizira kwa mu June kuja, kubweza galimoto mpaka kumsewu, kenako kudikira anzanga atatu kuti nawonso apeze makiyi awo. Tsiku ndi tsiku kupatula Lamlungu. Tinayesa zosiyirana makiyi, koma zinatha tsiku limene mnyamata wa aneba anakhulitsa chitseko cha galimoto yanga pageti, aliyense n'kukana.

Chaka chachiwiri, pakona pamene tinkatembenuzira panatsitsidwa mchenga ndi mabuloko. Flati yachisanu! Nditafunsa, alandilodi anandiyankha mosapsatira kuti galimoto silipira lendi. Apa ndiye mtima wanga umawira. Munthu akumanga kutali ndi tauni, kumene akudziwa bwino kuti wobwereka aliyense abwera ndi galimoto, koma poloti yonse waidzaza makoma, osasiya ngakhale poyanika zovala. Ena amati ndi nzeru za bizinesi. Ine ndimati ndi umbombo basi. Ndipo ife obwerekafe timawapatsa mphamvu, chifukwa tikangoona matailosi onyezimira ndi siling'i yoyera, mutu umaima.

Ndinayamba kuigoneka panja pa mpanda. Sabata yachitatu ndinapeza boneti ili yasa, batire kulibe. Kuchoka apo ndinkaisiya pa filing'i ina, kulipira alonda usiku uliwonse, ine n'kuyenda wapansi kupita kunyumba. Mu January, madzi atadzaza m'misewu yafumbi ija, nsapato zinkakhala m'manja. Galimoto ndinali nayo, koma ndinkafika pakhomo ngati wochokera kudimba.

Tsono muchite chiyani?

Pitani kukaona nyumbayo kawiri, kachiwiriko cha m'ma 20:00 popanda ejenti, mukawerenge magalimoto. Funsani aneba, osati alandilodi, kuti amayamba kutuluka ndani ndipo nthawi yanji. Malo anu alembedwe m'pangano la lendi. Mukaona mchenga kapena mabuloko pakona, thawani. Vitz ndi yotsika, ndiye funsaninso za msewu wofikira pageti nthawi ya mvula. Za Silverest, kumbukirani kuti ndi njira ya ku Chongwe, kupitirira popatukira ku eyapoti, ndipo m'mawa uliwonse mudzakhala pamzere wa pa Great East Road. Mafuta amenewo muwaphatikize pa lendi.

Ine pano ndili ku Chilenje, m'nyumba zakale za khonsolo zija anagulitsa kwa okhalamo nthawi ya pulezidenti Chiluba mu 1996. Bafa ndi lachikale, khitchini yaing'ono, koma bwalo lilipo ndithu. Galimoto imagona pansi pa mtengo wa mango, ndipo chondidzutsa usiku mu December ndi mango akagwera padenga lake.