Njinga yamoto kapena kagalimoto?

FUNSO: Achimwene, bambo a kunyumba akufuna kusiya ntchito ya m'dimba ku Randburg kuno ku Joni kuti azikaperekera anthu zakudya pa njinga yamoto. Akuti ku Mangochi ankapalasa kabaza, ndiye palibe chachilendo. Ine ndikuti tisunge ndalama tigule kagalimoto. Akunena zoona ndani? Mayi wa ku Rosettenville.

YANKHO: Achemwali, pa chitetezo mukunena zoona ndinu. M'galimoto muli lamba ndi chitsulo chokuzingani mbali zonse, pomwe pa njinga chogunda phula ndi bondo ndi mutu wa munthu. Ku America anapeza kuti pa mtunda wofanana, wa njinga yamoto amafa mowirikiza kuposa ka 20 poyerekeza ndi wa m'galimoto.

Ndipo Louis Botha Avenue wa kuno ku Joni si msewu wa ku Mangochi ayi. Taxi imaima pomwepo ikangoona chala cha munthu, osayatsa ndi indiketa yomwe. Magetsi akathima maloboti amafa, aliyense n'kumalowa mwa yekha. Mvula ya masana ikagwa, maenje amabisala pansi pa madzi, mizere yoyera ija n'kumaterera, apo foni ikulira kuti chakudya chikuzizira. Liwiro limayambira pamenepo.

Komabe mtengo wa galimoto ndikuudziwa, sindingawaletse kufuna ndalama. Akaumirira, ayambe atenga laisensi: Code A1 ya njinga ya injini yosapitirira 125cc, Code A ya yaikulu. Ya galimoto siigwira. Chipewa choteteza mutu (helemeti) agule chatsopano, azimanga pachibwano, osati chongokhazika pamutu poopa apolisi. Magolovesi, jekete yowala usiku, nsapato zobisa akakolo. Mabingu akayamba, aime pa filing'i mpaka mvula ikate.